Ukufuna za m'nyanja, koma masamu ukuwathawa

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa Grade 11 amene amakhala ndi makolo ake ku Rosettenville. Akuti mtima wake uli pa tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'madzi a m'nyanja ya mchere momwe mpweya wa okosijeni ndi wochepa kwambiri. Bambo ake akuti sanachoke ku Mangochi kudzavutika kuno ku Joni kuti mwana azikaphunzira za matope, iwo akufuna unamwino basi. Kumapeto kwenikweni, ngati nkhani yapambali, mtsikanayu walemba kuti masamu akumuvuta ndipo akulingalira zosamukira ku Mathematical Literacy, phunziro la masamu osavuta a tsiku ndi tsiku. Makalata otere ndimalandira ambiri, ndipo kawirikawiri vuto lenileni limabisala m'mzere womaliza.

Ndiyamba ndi iwe, mwanangu. Ukangosiya Mathematics, wadzitsekera wekha chitseko, chifukwa digiri ya sayansi ya BSc ku mayunivesite a Wits, Pretoria kapena Cape Town imafuna Mathematics yeniyeni. Zimandikwiyitsa kuona mwana wanzeru akulota za sayansi usiku, kukacha n'kumathawa phunziro lomwe sayansiyo yaimapo.

Chimene wasankhacho si chachabe ayi, ndipo chili pafupi kuposa momwe ukuganizira. Kugombe la Namibia ndi kumadzulo kwa South Africa, komwe kumadutsa madzi oyenda a m'nyanja otchedwa Benguela, mphepo imakankha madzi apamwamba ndipo madzi ozizira achonde amakwera kuchokera pansi. Ndere zimaswana kwambiri, zikafa zimamira, ndipo mabakiteriya amene amaziwoletsa amamaliza okosijeni. Zikafika poipa, nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja zimatuluka m'madzi kuthawira kumtunda, monga zimachitikira ku Elands Bay. Koma pomwe nsomba zathawa ndi pomwe tizamoyo tina timasangalala. Tina timapuma pogwiritsa ntchito mchere wina wotchedwa nitrate m'malo mwa okosijeni, tina totchedwa anammox timaphatikiza michere ya ammonium ndi nitrite n'kutulutsa mpweya wa nayitirojeni, ndipo tina timadya mpweya wapoizoni wonunkha ngati mazira ovunda. M'matope a kugombe la Namibia momwemo ndi momwe wasayansi Heide Schulz anapeza bakiteriya wotchedwa Thiomargarita namibiensis mu 1997, amene amatha kukula mpaka mamilimita 0.75, moti munthu amamuona popanda makina.

Tsono ndikuuze chimene sukufuna kumva. Ntchito imeneyi si yosambira m'nyanja. Tizamoyo tambiri ta m'madzi amenewa timakana kumera m'mbale za mu labotale, choncho ofufuza amatunga madzi, n'kuwasefa, n'kuumitsa kasefako m'firiji, kenako n'kuchotsamo DNA. Ulendo wa pasitima ya pamadzi wokatunga madziwo umatha msanga, ndipo chotsatira chake ndi miyezi yambiri uli pakompyuta kusanthula zimene zapezekazo kuti udziwe mitundu yomwe ilimo ndi zomwe imachita. Amenewo ndi masamu omwe ukufuna kuwasiya aja. Dziwanso kuti malo a ntchito yofufuza za m'nyanja ndi ochepa, ndipo NSFAS, thumba la boma lolipirira ophunzira fizi, imathandiza nzika za South Africa ndi okhawo amene ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, choncho ngati mapepala ako ndi a ku Malawi, nkhani ya fizi ikambidwe pakhomo chaka chino.

Njira imene ndikuikhulupirira ndi iyi. Usathamangire kugombe. Tenga BSc ya microbiology (phunziro la tizamoyo tosaoneka ndi maso) kapena biochemistry (phunziro la makemikolo a m'zamoyo) konkuno ku Gauteng, zaka zitatu, ukugona kwanu ndi kudya nsima ya mayi ako, zomwe zimachepetsa ndalama zambiri zimene zikanapita ku lendi. Uikemo statistics, masamu osanthula ziwerengero, ndipo uphunzire kulemba mapulogalamu a pakompyuta ngakhale wina asakukakamize. Ukatha Honours, chaka chowonjezera pambuyo pa BSc, pamenepo ndi pomwe ungayang'ane Masters ku University of Cape Town kapena ku Nelson Mandela University ku Gqeberha, komwe kuli maphunziro a za m'nyanja. Ubwino wa njirayi ndi woti nyanja ikapanda kukuyenderera, digiriyo imakulowetsabe mu labotale zoyeza madzi akumwa, zakudya ndi matenda, ndipo mabakiteriya a anammox omwewo akugwiritsidwa ntchito poyeretsa madzi a m'zimbudzi m'mizinda ina.

Inu bambo, nkhawa yanu ndikuimva, pakuti thukuta la m'dziko la eni n'lowawa ndipo mukufuna ntchito yodziwika. Unamwino ndi ntchito yolemekezeka, koma kukankhiramo mwana amene mtima wake suli kumeneko n'kulakwira mwanayo ndi odwala omwe. Komanso matope mukuwanyozawo ndi akwanu. Nyanja ya Malawi ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo kuyambira cha pa mamita 250 kupita pansi mulibe okosijeni, n'chifukwa chake nsomba zimakhala m'madzi apamwamba okha. Pansipo ndi dziko la tizamoyo timene mwana wanu akufuna kuphunzira, ndipo ndi bwino kuti ena mwa otifufuza akhale ana a m'mbali mwa nyanjayo.

Mwanangu, sindikukulonjeza sitima. Mayunivesite amayang'ana zotsatira za kumapeto kwa Grade 11 polandira ma fomu, choncho peza wokuthandiza masamu sabata ino, upite kwa aphunzitsi ako ukawauze kuti sukusamuka. Mathematics yako ikafika pa level 5, kutanthauza 60 peresenti kapena kupitirira, undilemberenso tidzasankhe limodzi koyambira kufunsira malo.