Musafulumire kuwokera tomato panja mu Epulo

Mayi, mwafunsa kuti popeza dzuwa layamba kuwala ku Leeds, mzinda wa kumpoto kwa England, ndipo mwagula kale mbande za tomato, kodi mungaziwokere panja mwezi uno wa Epulo, komanso ndi mtundu uti umene ungakupatseni tomato wabwino wophikira ndiwo. Pa funso loyambalo, ndikupemphani kuti mudikire mpaka kumapeto kwa Meyi kapena sabata yoyamba ya Juni.

Kwathu timayang'ana mvula kapena madzi a kudimba kuti tidziwe nthawi yobzala, koma kuno ku Britain chimene chimalamula ndi kuzizira kwa usiku. Masana a mu Epulo amatha kufunda mpaka munthu kuvula jekete, koma usiku kumwamba kukayera chisanu chimagwa, ndipo tomato sapirira chisanu ngakhale cha usiku umodzi wokha. Ngakhale chisanucho chisagwe, kutentha kukamatsika pansi pa madigiri 10 mbande zimapinimbira, masamba ake amafiirira kunsi, ndipo zimatenga masabata angapo kuti zitsitsimuke. Ine ndinaziona ndekha m'chaka cha 2020, pamene ndinawokera mbande 12 kumayambiriro kwa Meyi nditakopeka ndi dzuwa. Chapakati pa mwezi womwewo kunagwa chisanu, ndipo m'mawa ndinapeza masamba onse atada n'kulendewera ngati ndiwo zofutsa, moti sipanapulumuke ngakhale mbande imodzi.

Pakadali pano mbande zanuzo zikhale m'nyumba, pawindo limene limalandira dzuwa nthawi yaitali, ndipo muzitembenuza miphika tsiku lililonse kuti zisapendekere mbali imodzi. Mizu ikayamba kutulukira pansi pa mphika, zisamutsireni mumphika wokulirapo. Kukatsala masiku 7 mpaka 10 kuti muwokere, yambani kuzitulutsa masana pamalo opanda mphepo n'kumazilowetsa madzulo, kuti zizolowere pang'onopang'ono. Powokera, kwirirani tsinde mpaka pafupi ndi masamba oyamba, chifukwa tsinde la tomato limatulutsa mizu ina likakhala m'dothi, ndipo musiye masentimita 45 pakati pa mbande ndi inzake.

Nkhani ya mtundu ndiyo ikufunika kuiganizira mofatsa, chifukwa nyengo yofunda ya kuno ndi yaifupi, makamaka kumpoto kumene mukukhalako. Kuyambira Juni mpaka Seputembala tomato ayenera kukula, kuchita maluwa, kubereka ndi kupsa, choncho mitundu ya zipatso zikuluzikulu kwambiri nthawi zambiri imapezedwa ndi kuzizira idakali yaiwisi. Gardener's Delight ndi Sungold zimapsa msanga ndipo zimabereka kwambiri, koma zipatso zake ndi zing'onozing'ono, ndipo Sungold ndi wotsekemera kwambiri moti msuzi wake sukoma ngati umene tinauzolowera pa usipa kapena pa nkhwani. Moneymaker, amene ambirife timamudziwa kuchokera kwathu, amachita bwino kuno, koma vuto lake ndi matenda a chiwawu.

Chiwawuchi ndi chomwe chija chimasautsa alimi a tomato ndi mbatatesi ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya dzinja. Kuno chimabuka kawirikawiri mu Julayi ndi Ogasiti kukakhala kofunda ndi kwachinyezi, masamba amachita mawanga akuda, tsinde limada, zipatso zimawola, ndipo m'masiku ochepa munda wonse watha. N'chifukwa chake kwa munthu wobzala panja, wopanda nyumba ya magalasi, ine ndimasankha Crimson Crush, amene amapirira matendawa komanso zipatso zake ndi zazikulu bwino zokwanira mphika wa ndiwo. Mountain Magic nayenso amapirira, ngakhale zipatso zake ndi zocheperapo. Ngati mbande zimene mwagulazo ndi za Moneymaker musazitaye, koma muziike pafupi ndi khoma loyang'ana kummwera, ndipo pothirira madzi azipita pansi osanyowetsa masamba.

Mitundu yonse imene ndatchulayi imakula motalika, choncho imafuna mtengo woimangirira, ndipo mphukira zimene zimamera pakati pa tsinde ndi tsamba muzizichotsa zidakali zazing'ono. Mu Ogasiti, mbewu ikakhala ndi magulu anayi a zipatso, dulani nsonga yake kuti mphamvu ipite ku zipatso zimene zilipo kale. Zimene zidzatsale zaziwisi kumapeto kwa Seputembala mudzazithyole chisanu chisanabwerere, n'kuziika m'mbale pamodzi ndi nthochi yakupsa kuti zikapsere m'nyumba.