Funsani Azakhali: Abwana amanditumizira ntchito pa WhatsApp usiku

Azakhali, ndine mtsikana wa zaka 24, ndimakhala ku Chilomoni ndi mayi anga. Nditamaliza ku yunivesite ya MUBAS ndinapeza ntchito pa kampani ina ku Ginnery Corner koma ku ofesi timangopitako kawiri pa sabata, masiku enawo ndimagwirira pakhomo pa laputopu. Vuto ndi loti abwana amatha kutumiza meseji 10 koloko usiku ati pofika mmawa zikhale zatha, bandulo ndimagula ndekha, kalata ya ntchito mpaka pano sanandipatse ndipo yatha miyezi 8. Kwinaku mayi akuti ndine lova wongokhalira kudinadina foni. Ndingoisiya kodi?
Wothedwa nzeru, Chilomoni

Mwanangu usaisiye kaye, ntchito ikusowa mu Blantyre muno, ukudziwa wekha anzako angati akuzungulira ndi maenvulopu mu Victoria Avenue mpaka nsapato kutha. Za mayi ako usadandaule nazo kwambiri. Iwo anakula akuona anthu akulawira mmamawa kupita ku mafakitale a ku Makata, wantchito amaoneka ndi yunifomu kapena tayi, zogwirira pakhomozi zinachuluka ndi Covid mu 2020. Tsiku lina akhazike pafupi aone zimene ukuchita pa laputopupo, mwezi ukatha uwagulire mayunitsi a magetsi ndi thumba la ufa, amvetsa.

Chimene chandiwawa ine ndi kalatayo. Kugwirira pakhomo sikuchotsa ufulu wako ayi. Lamulo la Employment Act la 2000 limati olemba ntchito azipereka cholembedwa chofotokoza malipiro ndi maola, ndipo maola wamba asapitirire 48 pa sabata, opitirira apo ndi ovataimu yolipidwa. Nanga penshoni akukudulira? Kampani imayenera kuikapo 10 peresenti ya malipiro ako iwe 5, achinyamata ambiri izi samafunsa chifukwa ukalamba amauona ngati uli kutali, koma ine ndaona anthu akutuluka pa geti chimanjamanja atagwira zaka zambirimbiri.

Ndiye ukapita ku ofesi sabata ino upemphe kuonana nawo mwaulemu, maso ndi maso osati pa gulupu. Uwauze kuti ntchito ukuikonda koma ukupempha kalata, ndalama ya bandulo, komanso mugwirizane nthawi yowerukira, poti magetsi akathima usiku laputopu imangokhala chete. Mameseji onse aja usafufute, sunga pamodzi ndi umboni wa malipiro kaya amakulipira ku banki kaya pa Mpamba. Akakana kapena akayamba kukuopseza, pita ku ofesi ya Leba ukafotokoze, ndipo undilemberenso ndimve mmene zayendera.
Azakhali