Musanagule simenti funsani kaye kuti kiyi asunga ndani

Achemwali, laibulale mukufuna kumanga kumudzi kwanuyo, musanagule olo thumba limodzi la simenti mudziwe kaye kuti kiyi adzasunga ndani ndipo azidzatsegula masiku ati. Ndikulemba mtima ukuwawa chifukwa ifeyo zinationekera kwathu ku Ntcheu.

Tinali anthu oti tinaphunzira pa pulayimale imodzi, ena tili ku Lilongwe ena ku Blantyre ena ku Joni akuvutika ndi maganyu, tinapanga gulupu ya WhatsApp nkumasonkha mwezi ndi mwezi kuti timange laibulale pasukulupo, wina pa Mpamba wina pa Airtel Money wina pa Mukuru. Akumudzi anaumba njerwa okha nkuotcha, azimayi kusenza mchenga pamutu kuchokera kudambo, ife tinagula simenti, malata, zitseko ndi zitsulo za mmawindo, kalipentala nkutikhomera mashelefu abwinobwino. Mabuku ena anatumiza anzathu a mpingo wina wakunja, ena tinagula tokha. Tsiku lotsegulira kunavinidwa ngoma, amfumu analipo, komiti ya sukulu inalipo, kiyi tinapereka kwa ahedi anthu onse akuona.

Ndiye ndinapita kumaliro nthawi ya dzinja, mvula ili pakati. Titachoka kumanda ndinati ndidutse kusukulu ndikaone ana akuwerenga, mwana wa mlongo wanga wa Sitandade 4 akunditsatira pambuyo. Ndikufika ndikuona mmawindo mwapachikidwa zitenje, pakhonde pali mbaula ikufuka, zovala za khanda zayanikidwa pa chingwe. Ndinaodira, anatuluka mayi wina mwana ali kumbuyo nkundilonjera mwaulemu kuti aphunzitsi achokapo. Abale inu, mulaibulale muja munali mukukhala banja. Anabwera mphunzitsi watsopano, nyumba panalibe, ahedi nkungomupatsa kiyi. Pamashelefu athu aja panali mapoto, mbale, ndowa ya ufa.

Ndinafunsa kuti nanga mabuku ali kuti, anandilozera kachipinda kena kuseri kwa kalasi komwe amaponyako madesiki othyoka. Denga lodontha, pansi simenti inasweka kalekale. Makatoni anangowaunjika pansi penipeni opanda olo thabwa. Ndinanyamula katoni yoyamba, inangondithera mmanja, kunsi kwake kunatsala pompo, chiswe chili yakaliyakali, chamanga dothi mpaka mkati mwa mabuku. Ena anamatana ndi chinyontho moti ukati utsegule amangochoka chibumacho, ena achita chuku chakuda, fungo lake sindingathe kulifotokoza. Madikishonale amene mnzathu wina ku Joni anadzimana kuti tigule, zikuto zokha ndi zimene zinatsala. Ine ndili chigwadire mmatopemo ndi zovala za kumaliro, mwana uja anatola kapepala kamene kanatsala kali ndi chithunzi cha njovu, nkukapukuta pa diresi, nkundifunsa kuti amalume ndingatenge? Ndinamufunsa ngati anawerengapo buku lililonse mmenemo. Anati ayi, amatiletsa, amati ting'amba. Chitsegulire anali asanalowemo. Ndinalira pomwepo, sindinabise.

Ahedi nditawapeza sanaonetse nkomwe manyazi. Akuti mabuku akalowa pasukulu ndi katundu wa boma, limodzi likasowa afunsidwa ndi iwowo, ndiye kunali bwino kutseka. Akuti panalibe mphunzitsi wapadera woyang'anira. Nanga bwanji simunatiimbire? Nambala zathu munali nazo, mukafuna ndalama ya mpira kapena ya mayeso a moko mumatipeza msangamsanga. Mphunzitsi uja ine sindimuda, munthu sangagone panja ndi khanda ndipo tonse tikudziwa kuti chiyambire pulayimale yaulere mu 1994 ana anachuluka koma nyumba za aphunzitsi ndi makalasi sizinakwanepo. Amene amandipweteka ndi ahediwo ndi apampando a komiti amene ankadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku nkumatiyankha pafoni kuti zonse zili bwino ana akuwerenga kwambiri. Kunama kwa munthu wamkulu wa imvi. Ndipo madzulo ake pamsika ndinagula zitumbuwa nkundikulungira mpepala la buku lathu lomwe, chidindo chathu chikuoneka pakona. Ndiye kuti amene anapulumuka chiswe wina anawagulitsa.

Laibulale ya Mzuzu University itapsa mu December 2015 mabuku pafupifupi 45,000 nkupita, dziko lonse linamva ndipo anthu anathandiza. Koma mabuku amene akuolera mmakatoni mmasukulu akumudzi chifukwa wina akuopa kuti ana adetsa palibe amawalira. Pamene William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ija ya 2002, kunali kalaibulale kakang'ono ka pa pulayimale komwe ankabwereka mabuku mpaka anapanga makina a mphepo opereka magetsi. Akanapeza loko pachitseko bwenzi tisakumudziwa.

Ndiye inuyo mangani ndithu, ndipo ine ndinganene kuti mumange pasukulu pomwepo chifukwa ana ali pamenepo kale, mukaika kutali ndi sukulu muzidzangopezamo mbuzi. Koma mulemberane pepala, asayine amfumu, komiti, a mother group (gulu la amayi othandiza ana pasukulu) ndi a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale) a zoni yanu, lonena kuti chipindacho si nyumba, si sitolo ya ufa wa phala, si ofesi ya mayeso. Makiyi akhale awiri, wina kwa munthu wa mmudzi. Pezani mnyamata kapena mtsikana amene analemba MSCE ali pakhomo, muzimupatsa kangachepe pamwezi osadumphitsa, ndalama imeneyo muyiike pambali musanayambe nkomwe maziko, chifukwa odzipereka aulere amatopa nthawi yolima ikafika. Pitaninso ku National Library Service, likulu lawo lili ku City Centre ku Lilongwe ndipo nthambi zilipo mmizinda ina, akhala akugwira ntchitoyi kuyambira 1968 ndipo amalandira mabuku kuchokera ku mabungwe ngati Book Aid International, akakuuzani kalembedwe ka mabuku ndi mmene wachinyamata wanuyo angaphunzirire ntchito.

Za chiswe musazitenge mopepuka. Thirani mankhwala mmaziko, mashelefu asagunde khoma, miyendo yake ikhale yachitsulo ngati ndalama ilipo, denga litulukire kunja bwino kuti mvula ya mphepo isamenye mawindo. Buku lisagone pansi olo usiku umodzi. Loko gulani wamphamvu, buku lililonse lidindidwe nkulembedwa mu kaundula, wina azibwera kudzawerengera pakutha pa teremu osadalira za pafoni.

Komanso musaumire nawo mabukuwo. Ana azitenga kupita nawo kunyumba, ena ang'ambika ena sabwerera, zisiyeni, buku likang'ambikira mmanja mwa mwana lagwira ntchito yake. Ana aang'ono ayalireni mphasa azikhala pansi, musawakalipire akamawerenga mokweza. Loweruka muzitsegula, pa holide muzitsegula, ndipo mukaika kasola kamodzi a Sitandade 8 azibwera madzulo, makolo nawo abwera okha akamva kuti kuli nyuzipepala.

China chimene anthu salabadira, mabuku akunja aja ambiri anali oti mwana wa kwathu sangawagwire, za chipale chofewa, mbiri ya America, mabuku a kompyuta akalekale, Chingelezi chake cha ku yunivesite. Mwana wa Sitandade 2 amene National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga ija inayamba mu 2016, ikumuphunzitsa maliwu ndi maphatikizo a Chichewa akufuna kabuku ka zilembo zikuluzikulu ka nthano ya kalulu koti akamaliza anene kuti ndawerenga ndekha. Ndiye gawo la ndalama zanu mugulire a Chichewa konkuno, yendani ku CLAIM Mabuku, ku Montfort ku Balaka, funsaninso za mabuku a silabasi a ku Malawi Institute of Education (MIE) ku Domasi chifukwa amenewo ndi amene ana amalimbirana mkalasi. Amene akufuna kukutumizirani makatoni kuchokera kunja auzeni atumize kaye mndandanda wa mitu yake muone, osangovomera chifukwa ndi zaulere, transipoti yochokera ku Lilongwe kukafika kumudzi mudzalipira ndinu.

Ifeyo banja lija linatuluka titakadandaula kwa amfumu, koma gulupu yathu inazizira, anthu a ku Joni anati sadzasonkhanso ndipo sindingawanene. Panopa tikutolera pang'onopang'ono mabuku a Sitandade 1 mpaka 4 okha, kiyi wina ali ndi amayi ena a mother group. Mundiuze kuti kwanuko ndi boma liti, ngati ndi chakufupi ndi Ntcheu ndikutumizirani chithunzi cha pepala limene tinasayinitsa ulendo uno muonereko.