Mafunso a Owerenga: Kodi Mphoto za Makhadi a Ngongole Zimapindulira Ndani?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akufunsa za makhadi a ngongole amene amalonjeza kubweza ndalama, kupereka mapointi kapena kuthandiza pa maulendo a pa ndege. Tasankhapo makalata anayi amene mafunso ake akufanana ndi a owerenga ena ambiri.

Funso: Akonzi, banki yanga yandiuza kuti ndikhoza kulandira khadi la ngongole limene limabweza 2 peresenti ya ndalama zonse zimene ndagulira zinthu. Mtima wanga ukukayika, chifukwa chibadwire sindinaonepo banki ikugawa ndalama kwaulere. Kodi ndalama zobwezazi zimachokera kuti, ndipo kodi palibe msampha? — Mayi E.M.

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanasaine, chifukwa munthu amene wamvetsa kumene mphotozi zimachokera savutika kudziwa ngati khadilo lidzamupindulira kapena lidzamudyera.

Gwero loyamba ndi wogulitsa. Nthawi iliyonse imene mwalipira ndi khadi, mwini sitolo salandira mtengo wonse wa katunduyo, chifukwa pamadulidwa kachigawo kena, ndipo mbali yaikulu ya kachigawoko imapita ku banki imene inakupatsani khadi. A mabanki amaitchula ndalama imeneyi kuti interchange. Ku United States, kumene boma silinaike malire pa ndalamayi kumbali ya makhadi a ngongole, imakhala pafupifupi 2 peresenti ya mtengo, ndipo n'chifukwa chake makhadi a kumeneko amakhala ndi mphoto zonona. Mayiko a mu European Union anakhazikitsa lamulo mu 2015 loti ndalamayi isapitirire 0.3 peresenti pa makhadi a ngongole a anthu wamba, ndipo mphoto za makhadi ambiri a kumeneko n'zochepa. Choncho zimene banki ikukubwezerani ndi gawo la ndalama zimene yatenga kwa wogulitsa, yemwenso nthawi zambiri amakhala ataziwerengera kale pa mtengo wa katundu wake. Njira yobweza ndalamayi si yachilendo ayi, popeza khadi la Discover linaitchukitsa kale m'ma 1980.

Gwero lachiwiri ndi chiwongoladzanja, ndipo apa ndi pamene ndikupempha kuti muwerenge modekha. Sitetimenti ya khadi imakhala ndi masiku awiri ofunika: tsiku limene banki inatseka chiwerengero cha mwezi, ndi tsiku lomaliza kulipira, limene limabwera patapita milungu itatu kapena kuposerapo. Mukalipira ndalama zonse zimene zalembedwa pa sitetimentiyo tsiku lomalizali lisanadutse, simulipira chiwongoladzanja chilichonse pa zimene munagula, ndipo 2 peresenti ija ndi phindu lanu lenileni. Mukasiyako ngakhale pang'ono, mabanki ambiri amayamba kuwerengera chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku, ndipo amachiwerengeranso pa zinthu zatsopano zimene mukugula kuyambira tsiku lomwe mwazigula.

Tiyeni tiwerengere limodzi, osatchula mtundu wa ndalama. Mwagula zinthu za 1,000 ndipo banki yakubwezerani 20. Ngati chiwongoladzanja cha khadilo ndi 24 peresenti pachaka, ndiye kuti ndi 2 peresenti pamwezi, ndipo ngongole ya 1,000 ikagona mwezi umodzi wokha imabala 20. Mphoto yonse yatha m'mwezi umodzi, ndipo kuyambira mwezi wachiwiri mukulipira kuchokera m'thumba mwanu. Pa sitetimenti yomweyo pamakhalanso kabokosi kosonyeza ndalama yochepetsetsa imene mungalipire kuti musalangidwe. Kabokosi kameneka kamatonthoza mtima, koma ndi kamene kamamanga anthu ambiri. Ngati kalembedwa 30 ndipo inu mwalipira 30 yomweyo, 20 yapita ku chiwongoladzanja ndipo ngongole yeniyeni yatsika ndi 10 yokha. Ndaona anthu olimbikira ntchito, osamala ndithu pa zinthu zina, akulipira kabokosi kameneka mokhulupirika kwa zaka, kwinaku akusangalala ndi mapointi awo, osazindikira kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Pali msampha winanso umene suoneka pa sitetimenti. Drazen Prelec ndi Duncan Simester, akatswiri a pa yunivesite ya MIT ku United States, anafalitsa kafukufuku mu 2001 wosonyeza kuti anthu amene anauzidwa kuti adzalipira ndi khadi anali okonzeka kupereka ndalama zambiri pogula matikiti a masewera kusiyana ndi anzawo amene anauzidwa kuti adzalipira ndi ndalama zapamanja. Kutulutsa ndalama m'chikwama kumapweteka, pamene kugunditsa khadi pa makina sikupweteka konse. Ngati khadi likukuchititsani kuwononga 5 peresenti yoposa imene mukanawononga, 2 peresenti yobwezayo singakupulumutseni.

Malangizo anga ndi akuti mulandire khadilo pokhapokha ngati muli ndi chitsimikizo chakuti mudzalipira ndalama zonse mwezi uliwonse. Muuze banki kuti izidzichotsera yokha ndalama zonse za pa sitetimenti kuchokera ku akaunti yanu tsiku lomaliza lisanafike, ndipo muzigulira khadilo zinthu zokhazo zimene mukanagula ngakhale likanakhala kuti palibe. Ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti miyezi ina muzisiyako ngongole, iwalani za mphoto ndipo mufunefune khadi la chiwongoladzanja chotsika kwambiri.

Funso: Ndili ndi makhadi awiri oti ndisankhepo. Lina n'laulere koma limabweza 1 peresenti yokha. Linalo limalipiritsa chaka chilichonse, koma limapereka mapointi ochuluka, inshulansi ya pa ulendo ndiponso mwayi wolowa m'zipinda zapadera zodikiriramo pa bwalo la ndege. Anzanga onse a kuntchito ali ndi lachiwirili. Kodi ndisankhe liti? — Bambo J.K.

Yankho: Bambo, makhadi a anzanu asakhale muyeso wanu, popeza simukudziwa kuti iwo amawononga zingati kapena amayenda kangati. Muyeso uli m'masitetimenti anu a ku banki. Tengani a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yapitayi, khalani pansi ndi cholembera, ndipo muwonkhetse ndalama zimene mukanatha kulipira ndi khadi. Musawerengere zinthu zimene olandira ake salola khadi, kapena zimene amaonjezerapo ndalama munthu akalipira ndi khadi.

Mukapeza chiwerengerocho, masamu ake ndi achidule. Tiyerekeze kuti khadi lolipira limabweza 2 peresenti ndipo limafuna 100 pachaka, pamene laulere limabweza 1 peresenti. Kusiyana kwake ndi 1 peresenti, choncho muyenera kugula zinthu za 10,000 pachaka kuti makhadi awiriwa angofanana. Mukamagula zosafika pamenepo, khadi laulere ndi limene likukusiyirani zambiri, ngakhale kuti silioneka lapamwamba mukalitulutsa pagulu. Muonetsetsenso ngati peresenti yaikulu imene akulengeza ndi ya zogula zonse, chifukwa kawirikawiri imakhala ya gulu limodzi lokha, monga mafuta a galimoto kapena mahotela, ndiponso imakhala ndi malire pamwezi kapena pa miyezi itatu, ndipo mukadutsa malirewo imatsika.

Mapointi ndi ovuta kuwayeza kusiyana ndi ndalama yobweza, ndipo pamenepa ndi pamene anthu ambiri amanyengeka. Kampani ya American Airlines itayambitsa mu 1981 ndondomeko yake ya AAdvantage, yopereka mapointi kwa okwera ndege zake, makampani ena a ndege anatsatira, kenako mabanki anayamba kugula mapointi amenewa kuti azipatsa eni makhadi. Chofunika kukumbukira n'chakuti mtengo wa pointi amaukhazikitsa ndi mwini ndondomekoyo, ndipo akhoza kuusintha. Tikiti imene chaka chino ikufuna mapointi 40,000 ikhoza kudzafuna ochulukirapo chaka chamawa, ndipo m'ndondomeko zina mapointi amafa akakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito. Kuti mudziwe mtengo weniweni, tengani tikiti imene mukanaguladi ndi ndalama zanu, chotsanipo misonkho ndi zolipira zina zimene mudzaperekabe ngakhale mutagwiritsa ntchito mapointi, kenako gawani zotsalazo ndi chiwerengero cha mapointi ofunika. Mapointi si chuma chosunga, ndipo ndi bwino kuwagwiritsa ntchito akangokwanira chinthu chimene mukuchifunadi.

Za zipinda zodikiriramo, dzifunseni kuti munakwera ndege kangati chaka chatha. Munthu woyenda mwezi ndi mwezi, amene amakhala maola ambiri akudikira ndege yachiwiri, amapindula nazo ndithu, ndipo sindimunyoza. Woyenda kamodzi pachaka akulipirira mpando umene sakhalapo. Inshulansi ya pa ulendo ndiyo imene ine ndimaiona yamtengo wapatali kuposa zonsezi, koma imagwira ntchito motsatira mfundo zake. Kawirikawiri imafuna kuti tikitiyo ikhale itagulidwa ndi khadi lomwelo, imakhala ndi malire a masiku a ulendo ndi a msinkhu wa munthu, ndipo nthawi zambiri siikhudza matenda amene munali nawo kale. Pemphani chikalata chonse cha inshulansiyo ndipo muchiwerenge musanadalire mawu a pa chithunzi chotsatsa malonda.

Funso: Kodi ndikatapa ndalama pa ATM ndi khadi la ngongole ndimapezanso mapointi? — Mayi T.P.

Yankho: Ayi, Mayi, pafupifupi makhadi onse sapereka mphoto pa ndalama zotapa. Kuwonjezera apo, banki imadula ndalama yapadera nthawi yomweyo, chiwongoladzanja chake chimakhala chokwera kuposa cha zogula, ndipo chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo popanda masiku aja amene mumaloledwa kulipira chiwongoladzanja chisanayambe. Mabanki ambiri amaika m'gulu lomweli kugula ndalama zakunja ndi kubetcha. Pa ATM muzigwiritsa ntchito khadi la akaunti yanu.

Funso: Ndimayenda kunja kawirikawiri pa ntchito. Ndamva kuti anthu ena amatsegula makhadi ambiri kuti alandire mphoto yaikulu imene imaperekedwa kwa olowa kumene, kenako n'kuwatseka. Kodi ndi nzeru? Ndipo kodi ndisamale chiyani polipira ndi khadi m'dziko la eni? — Bambo L.S.

Yankho: Bambo, mphoto ya olowa kumene ndi yeniyeni, ndipo nthawi zina imaposa zonse zimene khadilo lingakupatseni m'chaka chathunthu. Koma ndi nyambo, ndipo mbedza yake ndi lamulo lakuti mugule zinthu zofika pa mlingo wakutiwakuti m'miyezi yoyambirira, kawirikawiri itatu. Ngati muli kale ndi chinthu chachikulu chimene munakonza kugula ndipo ndalama zake zilipo, kutsegula khadi pa nthawi imeneyo n'kwanzeru. Ngati mukufunafuna choti mugule kuti mufike pa mlingowo, mphotoyo mukuigula ndi ndalama zanu zomwe.

Kutsegula makhadi ambiri motsatizana kuli ndi mtengo wake. Nthawi iliyonse imene mwapempha khadi, banki imafufuza mbiri yanu ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, monga Experian, Equifax ndi TransUnion m'mayiko amene mabungwewa amagwira ntchito, ndipo kufufuzako kumalembedwa. Zopempha zambiri m'nthawi yochepa zimakuonetsani ngati munthu amene wapanikizika, zomwe zingakuvutitseni pamene mukufuna ngongole ya nyumba kapena ya galimoto. Kutseka khadi lakale kumachepetsanso malire onse a ngongole imene munaloledwa, motero ngongole zimene muli nazo zimaoneka zazikulu poyerekeza ndi malirewo. Komanso khadi lililonse lili ndi tsiku lake lolipira, ndipo kuiwala limodzi lokha kumabweretsa chindapusa ndi chiwongoladzanja zimene zingadye gawo lalikulu la mphoto ija. Kwa munthu wotanganidwa ngati inu, makhadi awiri ndi okwanira, ndipo ndi bwino kuti akhale a makampani osiyana, mwachitsanzo lina la Visa ndi lina la Mastercard, kuti lina likakanidwa pa hotela usiku muzikhala ndi potulukira.

Pa nkhani ya kunja, funso loyamba kwa banki yanu likhale lakuti imadula zingati mukalipira m'ndalama za dziko lina. Makhadi ambiri amadula mpaka 3 peresenti, ndipo khadi lobweza 2 peresenti limene limadula 3 peresenti likukuluzitsani pa chilichonse chimene mwagula muli pa ulendo. Alipo makhadi amene sadula ndalamayi, ndipo kwa munthu woyendayenda phindu limeneli limaposa mapointi ambiri.

Chachiwiri chimachitika m'kanthawi kochepa kwambiri. Mwamaliza kugula, wogulitsa wakupatsirani makina, ndipo pa galasi pake paoneka funso lakuti mukufuna kulipira m'ndalama za kwanu kapena za dziko limene mulilo. Ndalama za kwanu zimaoneka zokopa chifukwa nambala yake mukuimvetsa, ndipo kumbuyo kwanu kuli mzere wa anthu amene akudikira. Mukasankha zimenezo, amene akusintha ndalamazo ndi kampani ya kumbali ya wogulitsayo, pa mtengo umene yadziikira yokha, umene pafupifupi nthawi zonse umakhala woipa kuposa wa Visa kapena Mastercard. Sankhani ndalama za dziko limene mulilo, ndipo ngati wogulitsa wadina yekha musanaone, muli ndi ufulu womupempha kuti afafanize ndi kuyambiranso.

Musananyamuke, dziwitsani banki masiku a ulendo wanu ngati imafuna kutero, tsegulani mauthenga a pa foni odziwitsa za ndalama iliyonse yotuluka, ndipo nambala yoimbira khadi likatayika muilembe pa malo ena osati m'chikwama momwe muli khadimo. Malisiti a hotela ndi a galimoto yobwereka muwasunge mpaka sitetimenti itafika, chifukwa mukapeza kuti akudulani kawiri kapena akudulani pa chinthu chimene simunalandire, banki ikhoza kukubwezerani ndalamazo, koma imafuna umboni ndiponso kuti mudandaule masiku amene inaika asanathe.