Dolphin si munthu, koma si katundu

Achimwene, mwafunsa ngati dolphin, nyama yoyamwitsa ya m'nyanja zikuluzikulu, ayenera kuwerengedwa ngati munthu m'malamulo. Ine ndikuti dolphin tisamutche munthu, koma malamulo asamuwerengenso ngati katundu wogula n'kugulitsa. Ayenera kukhala m'nyanja, osati m'dziwe la simenti kuti azisangalatsa alendo.

Nzeru zake n'zosachita kufunsa. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2001, asayansi Diana Reiss ndi Lori Marino anapaka ma dolphin awiri chizindikiro pathupi ku New York Aquarium, malo oonetserako nyama za m'madzi ku America, ndipo nyamazo zinathamangira pagalasi n'kumatembenuka kuti zione pomwe zapakidwapo. Zinadziwa kuti ameneyo pagalasipo ndi ine. Dolphin aliyense wa mtundu umenewu alinso ndi mluzu wakewake womwe anzake amamuitanira, ngati dzina.

Ndinawaona ndi maso anga ku Kizimkazi, ku Zanzibar. Maboti angapo tinazinga gulu limodzi, tikukuwa, mafoni ali m'manja. Dolphin wina anali ndi kamwana pambali, ndipo injini ikayandikira ankadziika pakati pa kamwanako ndi boti, kenako onse n'kumira. Mtima unandiwawa, moti anzanga atalumphira m'madzi ine ndinatsala m'boti.

Dziko la India linaletsa malo oonetserako ma dolphin mu 2013, koma silinawapatse ufulu wa munthu. Ku New York, khoti lalikulu linakana mu 2022 kuti njovu yotchedwa Happy iwerengedwe ngati munthu, ngakhale nayo inadzizindikira pagalasi. Ngati nkhaniyi mukufuna kuifikitsa kukhoti, kaonaneni ndi loya wodziwa za chilengedwe, chifukwa mawu oti "munthu" m'malamulo ali ndi tanthauzo lakelake, moti ngakhale kampani imawerengedwa choncho.