Yang'anani kaye mtundu wa manotsi anu musanasake pulogalamu

Aphunzitsi, mwafunsa ngati ilipo pulogalamu yosandutsa manotsi osindikizidwa kukhala braille, kuti mtsikana wosaona wa m'kwaya mwanu aziwerenga yekha alto m'malo modikira kuti wina amuimbire. Ilipo ndithu, koma yambani mwayang'ana mapepala anuwo. Ngati ndi a sol-fa, a d r m f aja amene makwaya ambiri kwathu kuno amaimbira, mapulogalamuwa sakupindulirani kanthu, chifukwa amadziwa manotsi a staff, a pa mizere isanu aja. Sol-fa ndi zilembo wamba. Ingotaipani, isindikizidwe mu braille ya masiku onse, mutagwirizana naye mmene muzisonyezera do wapamwamba ndi wapansi.

Ngati ndi staff, ntchito yake ili pawiri. Pepala liyenera kusanduka fayilo ya MusicXML, mtundu wa fayilo yosungira manotsi pakompyuta, kenaka fayiloyo isanduke braille. Gawo lachiwirili silivuta. MuseScore 4 ndi yaulere ndipo imatulutsa braille. Sao Mai Braille, yopangidwa ndi bungwe la anthu osaona ku Vietnam, nayonso ndi yaulere ndipo imalandira MusicXML. Yotchuka ndi GOODFEEL, yomwe kampani ya Dancing Dots ya ku America inaitulutsa koyamba mu 1997. Imabwera pamodzi ndi SharpEye yowerenga pepala lojambulidwa pa scanner ndi Lime yokonzera manotsi, koma ndi yogula ndi madola, ndipo kwa kwaya ya pampingo ine sindikuona chifukwa choyambira pamenepo.

Pomwe pamagona vuto ndi gawo loyamba lija. Mapepala athu ambiri ndi fotokope ya fotokope inzake, mizere yopindika, ena owonjezeredwa ndi bolopeni. Pulogalamu yowerenga chithunzi, kaya SharpEye kaya ina yaulere yotchedwa Audiveris, ikakumana ndi pepala lotero imadumpha kadontho, imataya flat, nthawi zina n'kusakaniza alto ndi soprano. Inu woona mudzazindikira msanga, koma mtsikanayo adzakhulupirira zala zake n'kuloweza cholakwika. Ndiye malangizo anga ndi awa: taipani nokha mzere wa alto wokha mu MuseScore, muusewere pakompyuta mukufananiza ndi pepala, mukakhutira ndiye mutulutse braille. Nyimbo ya m'buku la mapemphero siitenga nthawi.

Musaiwale kuti braille ya nyimbo ndi ina, ngakhale anaiyambitsa ndi Louis Braille yemweyo, amene ankaimba limba m'tchalitchi ku Paris. Mwa timadontho tisanu ndi kamodzi ta chizindikiro chilichonse cha braille, tinayi tam'mwamba timanena dzina la noti, tiwiri tam'munsi, 3 ndi 6, kutalika kwake. Chizindikiro chimene iye anazolowera kuti ndi d, m'nyimbo ndi C, pomwe e ndi D. Masabata oyamba zidzamusokoneza, choncho yambani ndi nyimbo imene akuidziwa kale pamtima. Ubwino wake ngwakuti woimba pakamwa amawerenga ndi zala uku akuimba. Woimba kiyibodi ndiye amayenera kuloweza kaye chifukwa manja amakhala otanganidwa.

Pa zosindikiza, fayilo ya braille imafuna embosser, makina osindikizira braille. Kafunseni ku Malawi Union of the Blind, ku koleji ya Montfort ku Nguludi, kapena kwa mphunzitsi wa ana osaona pasukulu yapafupi. Zikakanika, mzere umodzi wa alto ndi waufupi moti munthu wodziwa braille atha kuukopera pa makina a Perkins otaipira braille akuyang'ana pakompyuta.