Za penate ya mnyamata wathuyu

Eee, Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pagulupu, loti mnyamata wathuyu chiphonyereni penate Loweruka lija sakufunanso kupita kubwalo, akuti bondo likupweteka pomwe pakhomo akuthamanga bwinobwino, ndiye mumuuze chiyani. Ndati ndingojambula mawu, kulemba kundichedwetsa.

Mawu oti "usaope" aja musamuuze, chonde. Ine nthawi yomwe ndinkaphunzitsa timu ya kusukulu ndinawanena kambirimbiri, sanathandizepo mwana ngakhale mmodzi. Mwana amangodziwa kuti mantha ake aonekera kwa aliyense, basi. Ndiponso sikuti akuopa goloboyi ayi. Akuopa kaulendo kaja kobwerera kwa anzake ataphonya, onse akumuyang'ana, ena atagwira m'mutu. Pamenepo ndi pomwe pali bala.

Alamu akukumbukira, tinaonera limodzi fainolo ya Africa Cup ya 2012 ku Libreville, Zambia ndi Ivory Coast. Didier Drogba, kaputeni wa Ivory Coast, munthu wogoletsa zigoli ku Chelsea, anapatsidwa penate mpira uli mkati, n'kuuwulutsa pamwamba pa golo. Drogba ameneyo! Atafika pa mapenate, goloboyi wa Zambia Kennedy Mweene anagwira ya Kolo Touré wa Ivory Coast. Ndiye kunali kwa Rainford Kalaba, akangogoletsa chikho n'cha Zambia. Naye kuuwulutsa. Tangoganizani, dziko lonse lili pa wailesi ndi pa TV. Koma chomwe chinandikhudza ine n'choti anyamata a Chipolopolo nthawi ya mapenate yonseyo ankayimba. Munthu wophonya ankabwerera ku gulu loyimba, osati la maliro. Gervinho wa Ivory Coast anaphonya, Stoppila Sunzu wa Zambia n'kugoletsa, 8-7. Lero ndani amamutchula Kalaba kuti wophonya?

Dikirani pang'ono, njinga yamoto idutse... Eya.

Mnyamata wathuyu paja amasapota Arsenal, eti? Mumukumbutse za Bukayo Saka. Mu 2021 ku Wembley, ali ndi zaka 19 zokha, akusewerera England pa fainolo, penate yake yomaliza inagwidwa, Italy n'kutenga chikho, anthu n'kumutukwana pa intaneti chifukwa cha khungu lake. Sanathawe. Anayamba kumenya mapenate ku Arsenal, ndipo mu 2024 England ikumenya mapenate ndi Switzerland, anapitanso, n'kugoletsa.

Ndiye zochita zake ndi izi. Mukalankhule ndi akochi ake, mwaulemu, asamuteteze pomuchotsa pa omenya mapenate. Aphunzitsi ambiri timachita zimenezo poganiza kuti ndi chifundo, koma mwana amamva kuti tamutaya. Amenye mapenate pomaliza pulakatisi, atatopa, anzake akumusokosera dala, wophonya atolere mipira, kuti mtima uzolowere kugunda. Penate yomenya uli wekha, wosatopa, siphunzitsa kanthu. Ndipo akhale ndi kachitidwe kake kamodzi: mpira aike yekha, abwerere mapazi omwewo nthawi zonse, atulutse mpweya, asankhiretu ngodya asanayambe kuthamanga. Ana ambiri amaphonya chifukwa chosintha maganizo phazi lili m'mwamba. Ndi mamita 11 okha, golo n'lotambalala kuposa mamita 7, koma mutu ukakhala pawiri limaoneka ngati zenera la kubafa.

Masewero akubwerawa alowe, ngakhale mphindi khumi zokha. Asamuuze kuti akagoletse. Amupatse kantchito kakang'ono, monga kupatsira bwino mipira itatu yoyamba. Miyendo ikakumbukira, mutu umatsatira.

Inunso kunyumbako, akabwera musamamufunse kuti "wagoletsa?" Mufunseni kuti waseweretsa bwanji anzake, kapena mungomupatsa nsima adye, alankhula yekha. Za bondozo musamutsutse kuti akunama, angachite manyazi. Mungoliona ngati latupa, mwina n'zoona.

Aaa, ndi china ndisanaiwale. Amene waika kavidiyo ka penateyo pa status ndi tizithunzi toseka tija, sindikutchula dzina koma akudzidziwa, ali mugulupu momwe muno, achotse lero lomwe. Mwana uja foni ya mayi ake amaigwira.

Lachinayi ndikaweruka ndidzera konko ndi mpira, ndikaima pagolo ine ndemwe ndi mimba yangayi. Mumuuze kuti amalume akuti sangagoletse zisanu mwa khumi. Musamuuze china, zokhazo basi. Mupereke moni kwa alamu.